Kodi Ukulu wa Mfumu Uli Pati?

Palibe mtundu wa anthu umene ulibe nkhani za mafumu. M'nthano zimene agogo amasimba madzulo, mkango ndiwo umakhala mfumu, ndipo nyama zonse zimanjenjemera ukangobangula. M'mabuku a mbiri yakale, mitu yambiri imayamba ndi kulowa ufumu kwa munthu wina ndi kutsekera pa imfa yake. Masiku ano nkhani zomwezi zidafika m'mafilimu ndi pa wailesi ya kanema, pamene anthu amachezera kuonera ana a mafumu akulimbirana mipando. Pakati pa mafumu ochulukawa alipo owerengeka amene mibadwo idawapatsa dzina lakuti aakulu. Koma kodi chimene chimakuza mfumu n'chiyani? Kodi ndi kukula kwa dziko limene idalanda ndi mkondo, kapena ndi kuchuluka kwa anthu amene idawasunga ndi moyo? Funso limeneli si la akatswiri a mbiri yakale okha ayi, pakuti mfumu imene anthu amaitamanda m'nkhani zawo imaonetsa mtundu wa mtsogoleri amene iwo angamulole kuwalamulira.

Kuti funsoli liyankhidwe bwino, nkoyenera kuyang'ana mafumu awiri amene adalamulira nthawi imodzi kummwera kwa Africa. Mafumuwa ndi Shaka wa Azulu ndi Moshoeshoe wa Abasotho. Onse awiri adabadwa cha m'ma 1786 kapena 1787, ndipo onse adali ana a mafumu ang'onoang'ono a mafuko osatchuka. Adakulira m'nyengo ya chilala, njala ndi nkhondo zolimbirana ng'ombe ndi msipu. Aliyense wa iwo adasonkhanitsa mafuko osiyanasiyana ndi kuumba mtundu umodzi umene ulipo mpaka lero. Pamene adasiyana ndi pa njira imene adatsata pomanga ufumuwo.

Shaka adali mwana wa Senzangakhona, mfumu ya Azulu, ndipo mayi wake adali Nandi. Ubwana wake udali wowawa, pakuti iye ndi mayi wake adachoka kwa mfumu ndi kukakhala moyendayenda kwa eni. Atakula adalowa usilikali kwa Dingiswayo, mfumu ya fuko la Mthethwa, kumene adatchuka chifukwa cha kulimba mtima. M'chaka cha 1816, bambo wake atamwalira, Dingiswayo adamuthandiza kutenga ufumu wa Azulu. Shaka adaika anyamata m'magulu a nkhondo potsata misinkhu yawo, ndipo sankaloledwa kukwatira kufikira mfumu itawamasula. Adalimbikitsa kumenya nkhondo ndi mkondo waufupi wobayira pafupi pamodzi ndi chishango chachikulu, ndiponso kuzinga adani monga mmene nyanga za njati zimakhotera. Cha m'ma 1819 adagonjetsa Zwide, mfumu yamphamvu ya fuko la Ndwandwe. M'zaka zochepa chabe, kafuko kamene kadalibe mbiri kadasanduka ufumu woopedwa ponseponse.

Chipwirikiti cha nkhondo zimenezi chidamveka kutali, ngakhale kuno kumpoto kwa Zambezi. Zwangendaba, amene adali kumbali ya Zwide, adathawa ndi anthu ake kulowera kumpoto, ndipo adawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kudachita kadamsana. Angoni a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata adachokera ku gulu limeneli. Angoni a kwa Maseko, amene pambuyo pake adakhazikika ku Ntcheu ndi ku Dedza, adayenda njira yawoyawo koma adachokera kummwera komweko. Choncho nkhani ya Shaka si yachilendo kwa mwana wa ku Malawi kapena kummawa kwa Zambia. Ambiri mwa makolo a m'maikowa adasamuka, ena adathawira m'mapiri ndi m'malinga, chifukwa cha moto umene udabuka kutali ndi kwawo.

Mu Okutobala 1827 Nandi adamwalira. Maliro ake ndiwo adaonetsa poyera mmene ufumu wa Shaka udakhalira. Mzungu wina wamalonda, Henry Francis Fynn, amene adalipo, adalemba kuti anthu pafupifupi 7,000 adaphedwa pa malirowo, ambiri chifukwa choganiziridwa kuti sadalire mokwanira. Lamulo lidaperekedwa lakuti anthu asalime ndiponso asamwe mkaka. Azulu eni ake amasimba kuti patapita miyezi ingapo, munthu wina dzina lake Gala adalimba mtima nakauza mfumu kuti dziko likutha ndi njala, ndipo kuti imfa ya mayi sidayambire pa iye. Akuti Shaka adamvera, adachotsa lamulolo, adapatsa Gala ng'ombe, ndi kudzudzula nduna zake chifukwa chosamuuza zoona. Komatu ndunazo zidali ndi chifukwa chokhalira chete. Pabwalo pamene munthu angafe chifukwa cha kuuma m'maso, ndani angayerekeze kutsegula pakamwa?

Chaka chisadathe, mu Sepitembala 1828, asilikali ambiri ali kunkhondo kumpoto, Shaka adaphedwa kumudzi kwake kwaDukuza. Amene adamubaya sadali adani ochokera kunja. Adali abale ake a bambo mmodzi, Dingane ndi Mhlangana, mothandizana ndi Mbopha, mtumiki wake wokhulupirika. Adalamulira zaka 12 zokha, ndipo sadasiye mwana womuvomereza kuti ndi wake. Mpando udapitirira kudontha magazi: Dingane adapha Mhlangana, Mpande adagwetsa Dingane m'chaka cha 1840, ndipo mu 1856 ana a Mpande, Cetshwayo ndi Mbuyazi, adamenyana nkhondo imene idapha anthu zikwizikwi. Akuluakulu adati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika.

Chilungamo chifuna kuti munthu asameze nkhani zonse za Shaka osatafuna. Zambiri zimene dziko lidayamba kumva za iye zidachokera kwa amalonda achizungu amene adali ndi zolinga zawo. Mmodzi wa iwo, Nathaniel Isaacs, amene buku lake lidatuluka mu 1836, adalembera Fynn kalata yomulimbikitsa kuti aonetse mafumu a Azulu ngati anthu okonda magazi kwambiri, kuti bukulo likope owerenga. Dingane nayenso adafuna kuti mbale wake aoneke woipa, poti ndiyo idali njira yoyeretsera dzanja limene lidamupha. Akatswiri a mbiri yakale adaonetsanso kuti chisokonezo cha nthawi imeneyo chidali ndi magwero ambiri, monga chilala, malonda a minyanga ku Delagoa Bay, ndi magulu a anthu okwera pa akavalo ndi mfuti amene ankafunkha kuchokera ku Cape. Komabe, zowonjezera zonse zitachotsedwa, chotsala n'chakuti ufumu wa Shaka udaima pa nkhondo ndi mantha, ndipo kuti adaphedwa ndi a m'nyumba mwake.

Moshoeshoe, amene dzina lake lobadwa nalo lidali Lepoqo, sadayambe ngati munthu wofatsa. Paunyamata wake adali wofunkha ng'ombe, ndipo dzina lakuti Moshoeshoe lidachokera ku kulira kwa lumo, poti adadzitama kuti adameta ndevu mfumu ina poilanda ziweto zake. Abasotho amasimba kuti mtima wake udatembenuka atakacheza kwa mkulu wina wanzeru dzina lake Mohlomi. Mnyamatayo ankafuna mankhwala a ufumu, koma adauzidwa kuti mankhwala otero kulibe, ndipo kuti ufumu umalimba ndi kuweruza molungama, kuthandiza osauka ndi kupalana ubale ndi anansi. M'chaka cha 1824, nkhondo zitafika pakhomo, adasamutsa anthu ake kuchoka ku Butha-Buthe kupita ku Thaba Bosiu, phiri lathyathyathya pamwamba, lokhala ndi akasupe ndi njira zowerengeka zokwerera. Dzinali litanthauza phiri la usiku, ndipo mbiri idawanda yakuti phirilo limakula kukada.

Pa ulendo umenewo padachitika chinthu chimene chidayesa mtima wa mfumuyi. Agogo ake aamuna, a Peete, adatsalira m'mbuyo chifukwa cha ukalamba, ndipo adagwidwa ndi kudyedwa ndi anthu amene njala idawasandutsa odya anzawo. Patapita nthawi anthuwo adagwidwa ndi kubwera nawo pabwalo, khamu likufuula kuti aphedwe. Nkhani imati Moshoeshoe adakana. Iye adati matupi a anthuwo ndiwo manda a agogo ake, ndipo munthu safukula manda a makolo. Adawachitira mwambo woyeretsa manda, adawapatsa ng'ombe ndi malo olima, kuti asiye khalidwe limene njala idawaphunzitsa. Mfumuyi idaona kuti kupha anthuwo kukadaziziritsa mitima tsiku limodzi, koma njala imene idabala tchimolo ikadatsala.

Nzeru yomweyi ndiyo adamangira mtundu wake. Othawa nkhondo a zilankhulo zosiyanasiyana ankalandiridwa ndi kuloledwa kusunga mafumu awo. Wosauka ankabwerekedwa ng'ombe kuti azimwa mkaka ndi kudyetsa banja, mwambo umene Abasotho amautcha mafisa. Pamenepa mpamene pamaonekera kuti kupatsa n'kuika, pakuti munthu wokhuta mkaka wa mfumu sankachedwa kuthamangira kuphiri kukaiteteza. Nkhani zikuluzikulu zinkakambidwa pa msonkhano wa anthu onse wotchedwa pitso, pamene munthu wamba ankaloledwa kutsutsa mfumu osaopa kuphedwa. Kwa Shaka ankatumiza mtulo wa nthenga ndi zikopa kuti asamuyang'ane ndi diso la nkhondo. Amasimbanso kuti asilikali a Mzilikazi atalephera kukwera Thaba Bosiu, iye adawatumizira ng'ombe zoti adye pobwerera kwawo. Mu 1833 adalandira amishoni ochokera ku France, Eugène Casalis, Thomas Arbousset ndi Constant Gosselin, amene adakhazikika ku Morija, ndipo Casalis adasanduka mlangizi wake pa makalata opita kwa Azungu.

Sikuti Moshoeshoe sankadziwa kugwira chida. Mu Disembala 1852, bwanamkubwa wa Angerezi, George Cathcart, adamulamula kupereka ng'ombe 10,000 ndi akavalo 1,000. Pa nkhondo imene idatsatira ku Berea, Abasotho okwera pa akavalo adabweza asilikali a Angerezi. Usiku womwewo, m'malo movina chipambano, mfumuyi idalembera Cathcart kalata yopempha mtendere, yolembedwa mwaulemu kotero kuti bwanamkubwayo adapeza pothawira manyazi nabwerera. Moshoeshoe adadziwa kuti kupambana tsiku limodzi kukadaitana gulu lina lalikulu koposa. Pambuyo pake adamenyana ndi Azungu a ku Orange Free State, otchedwa Mabunu, mu 1858 ndiponso kuyambira 1865. Ataona kuti anthu ake atsala pang'ono kutha, adapempha chitetezo cha Mfumukazi Victoria, ndipo pa 12 Malichi 1868 dziko lake lidalowa m'manja mwa Britain. Adamwalira ali nkhalamba pa 11 Malichi 1870, pa phiri lake lomwe lija, limene mdani sadalilande iye ali moyo.

Tsono chodabwitsa chili apa. Mwa mafumu awiriwa, amene dziko lonse limamudziwa ndi Shaka. Buku lotchuka la Chaka, limene lidatuluka mu 1925, adalemba ndi Thomas Mofolo, Mosotho wophunzira ku Morija, mdzukulu wa mtundu womwe Moshoeshoe adaupulumutsa. M'bukumo muli sing'anga wopeka, Isanusi, amene amapatsa Chaka mphamvu pomulipiritsa moyo wa mkazi amene ankamukonda. Mu 1979 mlakatuli Mazisi Kunene adatulutsa ndakatulo yaitali yotamanda Shaka. Mu 1986 wailesi ya kanema ya ku South Africa idaonetsa sewero la Shaka Zulu, m'mene Henry Cele adasewera ngati mfumuyo, ndipo lidaonedwa m'maiko ambiri. Mu 2010 bwalo la ndege latsopano la ku Durban lidatchedwa dzina lake, ndipo mu 2023 kudatulukanso sewero lina lotchedwa Shaka iLembe. Moshoeshoe amalemekezedwa kwambiri kwawo, kumene tsiku la 11 Malichi ndi la chikumbutso chake, koma kunja kwa Lesotho ndi South Africa ndi ochepa amene angafotokoze zimene adachita.

Chifukwa chake sichovuta kuchipeza. Nkhondo ili ndi phokoso, fumbi ndi magazi, zinthu zimene maso amakonda kuona ndipo pakamwa pamakonda kusimba. Mtendere ulibe chionetsero. Palibe amene angajambule nkhondo imene sidamenyedwe, mudzi umene sudatenthedwe, kapena mwana amene adakula bambo ake ali moyo chifukwa mfumu idalemba kalata m'malo motumiza asilikali. Ndiponso woonera sewero amadziika m'malo mwa mfumu yonyamula mkondo, osati m'malo mwa mayi wothawa ndi mwana kumsana. Chikhalirecho, pa anthu chikwi a nthawi imeneyo, mfumu idali imodzi yokha, ndipo otsalawo adali olima, oweta ndi othawa. Kutchuka kumangoyesa kukoma kwa nkhani, sikuyesa ubwino wa munthu.

Wina angatsutse kuti popanda mkondo wa Shaka sipakadakhala mtundu wa Azulu, ndipo kuti magulu a nkhondo amene iye adayambitsa ndiwo adagonjetsa Angerezi ku Isandlwana mu Januwale 1879. Anganenenso kuti m'zaka za tsankho ku South Africa, dzina la Shaka lidakumbutsa anthu akuda kuti makolo awo adamangapo maufumu. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo siyenera kunyozedwa. Mfumu imene singateteze anthu ake ili ngati nkhokwe yopanda denga. Komabe pali kusiyana pakati pa mkondo wotchinjiriza anthu ndi mkondo umene anthu amakhalira kuudyetsa. Moshoeshoe nayenso adamenya nkhondo, mwina adapambana, mwina adagonja, koma ankadziwa polekera. Ndipo chipambano cha ku Isandlwana sichidakhalitse, pakuti mu Julayi chaka chomwecho likulu la Ulundi lidatenthedwa ndipo ufumu wa Azulu udagawidwa zidutswa 13. Mafumu a Azulu alipo mpaka lero ndipo amalemekezedwa, koma dziko lodzilamulira lidatha.

Wina angatsutsenso kuti Moshoeshoe adali wochenjera chabe, kuti chifundo chake chidali nyambo yokopera anthu, ndipo kuti pomaliza adagwadira atsamunda ndi kutaya minda yachonde. N'zoona kuti pangano la ku Aliwal North la mu 1869 lidasiya dera lalikulu lachonde m'manja mwa Mabunu, ndipo kuti amuna ambiri a ku Lesotho adakhala akupita kumigodi ya ku South Africa chifukwa cha umphawi. N'zoonanso kuti ng'ombe za mafisa zidakuza chuma ndi mphamvu za mfumu yomwe. Koma chifundo chimene chapindulira wochichita sichileka kukhala chifundo kwa wochilandira. Mkaka umene mwana wamasiye adamwa udali mkaka ndithu. Kunena za kugwada, nkofunika kufunsa kuti mfumuyo idagwada kuti ipulumutse yani. Chifukwa cha chisankho cha mu 1868, dziko la Abasotho silidalowe mu mgwirizano wa South Africa wa mu 1910, malamulo a tsankho sadalilamulire, ndipo lidalandira ufulu pa 4 Okutobala 1966. Mfumu Letsie III ndi wa mbumba ya Moshoeshoe. Kunyada kwa mfumu kudatsika, mtundu udatsala.

Kuchokera pa mbiri ziwirizi, muyeso wa ukulu wa mfumu uyamba kuoneka. Choyamba ndi kufunsa kuti ndani adalipira ulemerero wake: kodi mfumu idadzichepetsa kuti anthu akhale ndi moyo, kapena anthu adafa kuti mfumu ikwezeke? Chachiwiri ndi kufunsa ngati munthu wamba akadatha kuiuza zoona ndi kubwerera kwawo wamoyo. Gala adatchuka chifukwa adali yekha. Ku pitso kulankhula kotero kudali kwa masiku onse. Mfumu yoopedwa imakhala yosadziwa kanthu kuposa anthu onse a m'dziko lake, chifukwa aliyense amaiuza zokhazo zimene ifuna kumva, ndipo mpeni umafika pamsana pake isadamve mphekesera. Chachitatu ndi kufunsa chimene chidatsala iyo itapita, ngati ndi mwambo woweruzira milandu kapena chizolowezi chophana polimbirana mpando.

Makolo a kuno adaidziwa nzeru imeneyi kalekale. Pakati pa Achewa, mfumu siidzilonga yokha. Amayi aakulu a mbumba ndiwo amaloza woyenera, ndipo pa tsiku lolongedwa amalangizidwa pamaso pa anthu asadayambe kulangiza ena. Pabwalo siweruza yokha, imayamba yamva nduna ndi mboni, poti mutu umodzi susenza denga. Mwambi wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto umanena ntchito yeniyeni ya wokhala pampando: moto wa mkwiyo ukafika pa iye uyenera kuzima. Moshoeshoe adali dambo lotero pa tsiku limene adaona odya agogo ake ali chigwadire pamaso pake. Akadakhala udzu wouma, palibe akadamudzudzula, koma moto ukadapitirira.

Achinyamata ambiri amene ali pasukulu lero sadzavala chisoti chaufumu, koma ena adzakhala aphunzitsi aakulu, akapitawo, aphungu, abusa ndi makolo, ndipo onse adzakhala osankha atsogoleri. Aliyense wa iwo adzakumana ndi mayesero a mafumu awiri aja pa muyeso wake: kulamula ndi mantha, kumene kumabala zipatso msanga, kapena kulamula ndi chilungamo ndi kudekha, kumene kumachedwa ndipo kawirikawiri sikuimbiridwa nyimbo. Shaka ayenera kuphunziridwa, pakuti adali ndi nzeru zakuya ndipo adasintha mbiri ya chigawo chonse cha kummwera kwa Africa. Koma kugoma ndi mphamvu za munthu ndi kwina, kumutcha wamkulu ndi kwinanso. Dzina limeneli liyenera kusungidwira mfumu imene anthu ake adagona tulo, adalima ndi kukolola, adalankhula pabwalo mopanda mantha, ndipo itamwalira adailira ndi misozi imene palibe adawalamula kukhetsa.